Mwana akakonda mpira, kholo upange bwanji kuti usamuononge

Kuno ku Dedza mwana aliyense amayamba ndi chikulunga. Majumbo a shuga, kukulunga, kumanga ndi chingwe cha thumba la feteleza, magolo ndi njerwa ziwiri pamsewu basi gemu yayamba mpaka mdima. Pamenepo kholo sulowererapo, umangokuwa kuti nsima yapsa. Nkhani imadzayamba tsiku lomwe aphunzitsi a zamasewero kapena mnyamata wina wa timu ya m'mudzi wabwera pakhomo nkukuuza kuti mwana wanuyu ali ndi mwendo, tipatseni tizimuphunzitsa. Kuyambira pamenepo makolo timagawikana pawiri, ena amakaniratu kuti mpira ndi wa anthu osowa chochita, ena mutu umazungulira nkuyamba kuwerengera ndalama za Temwa Chawinga mwana asanafike ndi Sitandade 6 yomwe. Ine ndinali wa gulu lachiwirili, ndiye zomwe ndikulembazi ndazidziwa nditalakwitsa kaye.

Ana anga osewera ndi awiri, mnyamata wa zaka 12 ndi mtsikana wa zaka 15 yemwe anayamba ndi ntchemberembaye pano wakakamira wamiyendo. Chaka chatha mu July kunali bonanza ya ana pa galaundi ya sukulu ina mbali ya ku Bembeke, kuzizira kuja mukukudziwa, chifunga mpaka 10 koloko, ana milomo yotuwa atavala majezi ofika m'mawondo. Fainolo inathera kumapenate. Mnyamata wanga uja anaponya yachinayi, mpira unadutsa pamwamba nkukagwera m'munda wa kachewere kuseri kwa golo. Ine ndinakuwa gulu lonse likumva kuti iwe, umenewo ndi mwendo kapena mpini wa khasu? Anthu anaseka, ine ndinkaona ngati ndayankhula zanzeru. Pobwerera ndinamukweza pa kaliyala ya njinga ndipo ndinalalikira njira yonse, mmene akanaimira, mmene ine ndinkaponyera nthawi yanga. Sanayankhe olo kamodzi. Ndinadzazindikira pambuyo kuti masiku onse amandigwira m'chiuno tikamatsika chitunda koma tsiku limenelo anagwira chitsulo cha kaliyala. Mabutsi omwe ndinamugulira pa kaunjika anawaponya pansi pa bedi ndipo anakhala komweko masabata atatu. Mayi ake ndi amene anandifunsa usiku wina kuti, "Abambo ake, kodi penate ija anaphonya ndi mwana kapena inu? Chifukwa amene akuoneka kuti zamuwawa kwambiri pakhomo pano ndinu."

Ndiye tiyambire pomwepo, pa njira yobwerera kunyumba. Gemu ikatha, kaya awina kaya aluza, tsekani pakamwa pa nkhani ya mpira. Mwana amene waphonya akudziwa kale kuti waphonya, anzake amuuza, masapota amuuza, iye mwini mumtima wadziuza ka 20. Mufunseni ngati ali ndi njala, mugulireni zigege kapena chimanga chootcha, muuzeni kuti ndasangalala kukuona ukusewera, basi. Zokonza zidikire mawa lake, ndipo mawalo muyambe ndi funso, dzulo unaiona bwanji gemu? Mudzadabwa kuti mwana amatchula yekha pomwe analakwitsa, mwinanso bwino kuposa inu, ndipo chinthu chomwe wachitchula yekha amachikonza msanga kusiyana ndi chomwe mwamuthira m'khutu ali wokwiya. Poyamikira musamangoyamikira zigoli. Muuzeni kuti ndinaona utagwa unadzuka nkuthamangira mpira, ndinaona unamupatsira mnzako uja pomwe ukanatha kumenya wekha. Zimenezo ndi zomwe angathe kuzibwereza sabata yamawa, chigoli nthawi zina ndi mwayi chabe.

Pa galaundi kochi akhale mmodzi. Ife abambo tili ndi matenda oti aliyense ndi Kinnah Phiri, kochi wakale wa Flames uja, a kochi akuti patsira, bambo ali mbali inayo akukuwa menya, malume akuti doda, mwana wa zaka 10 amangoima mpira uli paphazi mpaka kumulanda. Ngati simukugwirizana ndi a kochi kawaoneni Lolemba panokha, osati pamaso pa ana. Nkhani ya oyimbira nayo, anthu inu, woyimbira wa magemu a anawa kawirikawiri ndi mnyamata wa Fomu 3 wobwereka wezulo, salandira kanthu, mwina amugulira sobo ndi mandasi. Mukamutukwana za amayi ake chifukwa cha ofusayidi, mwana wanu ali pomwepo akumva, ndipo mawa aphunzitsi akamudzudzula mkalasi adzayankha momwe munayankhira inu. Ndinaonapo gemu ya ana ang'onoang'ono itathera panjira chifukwa akuluakulu analowa m'bwalo ndi zibakera, ana okha atayima pambali akudikira kuti atipatsa mpira nthawi yanji tipitilize. Muziombera m'manja mwana wa timu ina akachita bwino, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo gemu ikatha onetsetsani kuti wanu wapita kukagwirana chanza ndi anzake omwe amugonjetsa, olo akulira, alire akupereka mkono.

Musanamupereke mwana ku timu

Apa ndiye ndichedwepo chifukwa makolo ambiri timangomva kuti ali ku thireningi osadziwa kuti ndi kuti, ndi ndani. Pitani mukaone, ndipo tsiku lina mupite osanena. Khalani patali muone mmene a kochi amayankhulira ndi mwana amene sakutha, osati sitala wa timu, uja wonenepa wochedwa uja. Ngati akumutukwana, kumupatsa dzina lachipongwe, kumumenya khofi, chotsanipo wanu olo timuyo ikhale yotenga zikho. Muone ngati ana onse akugwirako mpira kapena theka angokhala pa mzere ola lonse kudikira. Mufunse kuti thireningi imatha nthawi yanji, miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa msanga ndipo mwana wochokera kutali asamayende mumdima. Mufunse kuti akamapita kukasewera kutali, kaya ku Linthipe kaya ku Lizulu, amayenda pa chiyani, chifukwa zokweza ana 25 pa kalole kamodzi ndi masapota oledzera mumsewu wa M1 ine ndinazikana ndipo ndimakanabe. Mufunsenso za ndalama, mukasonkha zimalembedwa pati, amasunga ndani. Timu yabwino imakhala ndi kakomiti ka makolo, olo anthu atatu.

Kwa atsikana onjezani izi. Pa ulendo uliwonse pakhale mayi wamkulu, kaya mphunzitsi wamkazi kaya mmodzi wa mother group. Palibe zoti a kochi akufuna kumuphunzitsa payekha madzulo, palibe zoti abwere kunyumba adzatenge jezi, palibe zomugulira foni kapena mayunitsi mwamseri. Mumuuze mwanayo mosabisa kuti munthu akamugwira mosayenera kapena kumuuza kuti ndikuika mu timu ukandilola, abwere anene ndipo simumuletsa mpira chifukwa wanena, poti atsikana ambiri amabisa poopa kuti akanena mpira wathera pompo. Anyamatanso zimawachitikira, musaiwale. Nambala ya 116 ndi yaulere ya nkhani za nkhanza kwa ana, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Tili m'boma lomwe Inkosi Kachindamoto anatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana nkubwezera atsikana ku sukulu, ndiye si ife oti tizitaya atsikana kudzera pa galaundi.

Koma kumuletsa mtsikana mpira ati ndi za anyamata, ati sadzabereka, ati aumitsa thupi, izo ndi nkhambakamwa. Scorchers, timu ya dziko lino ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anadutsira DD Sunshine ku Lilongwe, kenako Sweden, China, nkudzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, chaka chotsatira chimodzimodzi ku France ali ku PSG. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Ku ntchemberembaye Mwawi Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya 2015 ku Sydney. Chomwe mtsikana amafuna kwa inu ndi zinthu zazing'ono zomwe abambo sitiziganizira, kabudula wamkati wothina, bra yogwira bwino, mapadi, ndiponso kuti ntchito za pakhomo zigawidwe mofanana. Kwathu zinali zoti mnyamata akaweruka amangotaya chikwama nkuthamangira ku galaundi pomwe mlongo wake atunge madzi, atsuke mbale, aphike ndiwo, akamafika ku thireningi anzake akumaliza. Pano Lachiwiri ndi Lachinayi madzi amatunga mnyamata, anadandaula sabata imodzi nkuzolowera.

Sukulu ndi ntchito za pakhomo

Khalidwe lomwe timati mpira umaphunzitsa silibwera lokha ayi, mpira umangopereka mpata. Ndikudziwa anyamata odziwa mpira kwambiri omwe ndi amwano osaneneka. Chimene chimagwira ntchito ndi timalamulo tochepa tomwe simusintha. Kwathu ndi titatu. Wajomba ku sukulu, ku thireningi supita tsiku limenelo, ndipo a kochi akudziwa, tinagwirizana. Jezi, masokosi ndi mabutsi amachapa mwini wake, mayi ake sagwira, akaiwala avala zonunkha Loweruka. Ndipo ukalonjeza timu kuti ubwera, upita pa nthawi yake olo kukuzizira bwanji, chifukwa anzako 10 akudikira iwe. Kachitatuka ndi komwe ndaona kakusintha mwana wanga kwambiri, munthu amene kale kumudzutsa kunali nkhondo pano amadzuka yekha nkusesa pabwalo kuti ndisapeze chomuchedwetsera.

Koma musasandutse mpira chikwapu cha mlandu uliwonse. Waswa kapu, supita ku mpira. Wayankha mlongo wako, supita ku mpira. Mukatero mukulanga timu yonse komanso mukumuphunzitsa kuti lonjezo lake kwa anzake ndi lopanda ntchito. Nthawi ya mayeso, makamaka Sitandade 8 ndi Fomu 4, chepetsani masiku koma osathetseratu, mwana amene wathamangako ola limodzi amawerenga bwino kuposa amene mwamutsekera m'nyumba akumva wezulo kunja. Nthawi ya dzinja ntchito ikachuluka kumunda, muuzeni a kochi poyera kuti Loweruka m'mawa timapalira kapena tikuthira feteleza, abwera masana. Kochi wa kumudzi naye ali ndi munda, amvetsa.

Thupi la mwana

Za zakudya sindichulukitsa, tili nazo kale. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya m'mawa, mbatata, kachewere wophika, nthochi, nyemba, usipa, dzira likapezeka. Asalowe m'bwalo ndi njala komanso asalowe atangomaliza mitanda itatu ya nsima, papite maola awiri kapena atatu. Botolo la madzi azinyamula olo kukuzizira, kuno ana samva ludzu chifukwa cha mphepo koma thukuta likutuluka. Zakumwa zopatsa mphamvu zija zam'mabotolo si za ana, zili ndi caffeine wambiri, mwana amalephera kugona usiku. Kugona nako, wa ku pulayimale amafunika maola osachepera 9, ndiye zokaonera mpira wa ku Ulaya ku vidiyo mpaka 11 koloko usiku mkati mwa sabata ayi.

Pali zinthu zingapo zomwe simuyenera kunyengerera olo a kochi achonderere kuti ndi fainolo. Mwana watentha thupi, sasewera, kamuyezetseni malungo, ndipo akamaliza mankhwala apumeko kaye mphamvu zibwerere. Wagundana mutu ndi mnzake kapena wagwa chamutu nkuoneka wozunguzika, atuluke ndipo tsiku limenelo sabwereramo, zomuthira madzi kumutu nkumukankhiranso m'bwalo zija ndi zoopsa. Akayamba kusanza, kusinza, mutu kupweteka kwambiri kapena kuyankhula zosagwirizana, thamangirani kuchipatala. Akabinya, musamukoke kapena kumutikita mwamphamvu ngati mmene timachitira, muikeni nsalu ya madzi ozizira, mwendo ukhale pamwamba, ndipo ngati sakutha kuponda akaonedwe. Ana a zaka za m'ma 10 mpaka 15 ambiri amadandaula kupweteka pansi pa bondo kapena ku chidendene chifukwa mafupa akukula msanga, si ulesi, achepetse kudumpha ndi kuthamanga mpaka zitsike. Mvula ya ziphaliwali ikayamba ana achoke pa galaundi alowe mkalasi, osati kubisala pansi pa mtengo. Ndipo mwana wa zaka 13 olo akhale dolo bwanji musalole kuti azimuika mu timu ya madoda ku bonanza, bambo wa zaka 30 akamugwera pa mwendo nkhani yatha.

Zomwe zimaononga khalidwe mwakachetechete

Kubera zaka. Tonse tikudziwa, mu gemu ya Under 14 mumalowa munthu wandevu wometa m'mawa womwewo, ena amati ali ndi mwana kunyumba kkkk. Tsiku lina adzabwera kwa inu kuti tichotseko zaka ziwiri pa fomu kuti mwanayu alowe. Kanani. Choyamba mukumuphunzitsa kuti bodza ndi lololedwa bola likupindulira, ndipo muli inu bambo ake amene mwasayina. Chachiwiri mukumupusitsa, amaoneka dolo chifukwa akusewera ndi ana, akadzakumana ndi amsinkhu wake amapezeka wamba. Chachitatu kutsogolo kuli mpanda, mipikisano ya Under 17 ya CAF ndi FIFA amaunika fupa la pamkono ndi makina a MRI kuti aone ngati wapitirira zaka ndipo matimu athunthu achotsedwapo. Mupezereni chiphaso chobadwira cha ku NRB, zaka zake zikhale zomwezo paliponse.

Zitumwa nazo. Kuthira mchere pa golo, kulumpha mpanda pokana kulowera pa geti, kumanga kanthu mu sokosi, ana amaonera akuluakulu. Ine sinditsutsana ndi munthu pa zomwe amakhulupirira koma taonani zomwe zimachita kwa mwana, akaluza sanena kuti sitinakonzeke, amati atikhwimira. Mwana wotero mungamukonze bwanji? Wanga atabwera ndi nkhani yoti goloboyi wa timu ina anali ndi mankhwala ndinangomufunsa kuti mwamenya kangati kolunjika pa golo, anawerenga nkupeza kawiri.

Kubetcha ndiye kwafika paliponse, pa foni, pa tauni, ana akudziwa ma odi kuposa matebulo a masamu. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma amatuma akuluakulu kapena amagwiritsa foni yanu yomwe. Musamutume kukakubetcherani, musamufunse kuti ndiike timu iti. Ngakhale tindalama tomwe amabetcherana okha pa magemu a chikulunga tiyang'aneni, ndewu zambiri za ana zimayambira pamenepo.

Benchi, ndi anthu olonjeza kumwamba

Tsiku lina mwana wanu adzakhala pa benchi. Musathamangire kwa a kochi ndi nkhope yoopsa, musamusamutsire timu ina sabata yomweyo, ndipo chonde musapereke kangachepe kuti aseweretsedwe. Muuzeni apite yekha akafunse mwaulemu kuti a kochi, ndikonze chiyani kuti ndizilowa? Kwa mwana wa zaka 12 kufunsa funso limenelo kwa munthu wamkulu ndi chinthu chachikulu kuposa gemu yomwe waphonyayo. Pokhapokha ngati ndi ana ang'ono kwambiri ndipo miyezi ikutha osalowa ndi mphindi imodzi, apo kayankhuleni, pa msinkhu umenewo aliyense ayenera kusewera. Musamukakamizenso malo amodzi kapena masewero amodzi akadali wamng'ono, ayese kutsogolo, kumbuyo, pa golo, athamange mitunda ku sukulu, aseweretu ndi fulaye yemwe.

Ndiye pali aja amabwera ndi mafoni akuluakulu, ati ndine ejenti, ndili ndi matrayo ku Joni kapena ku Ulaya, perekani ya pasipoti ndi ya fomu. Chikomekome cha mkuyu. Malamulo a FIFA salola kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, ndiye munthu akamalonjeza kutengera mwana wa zaka 14 kunja mufunseni mapepala, mukafunsenso ku FAM kapena kwa a zamasewero ku khonsolo musanagulitse mbuzi. Njira yeniyeni ndi yapang'onopang'ono, timu ya sukulu, mipikisano ya MASSA, bungwe la masewero a m'sukulu, timu ya boma, maligi a achinyamata, kenako matimu a m'chigawo. Dedza Dynamos inakwera mpaka kulowa mu Super League ana athu akuona ndi maso pa Dedza Stadium, ndiye sizosatheka. Koma werengani ana omwe amathamanga pa magalaundi onse kuchokera ku Chimbiya mpaka ku Golomoti, muyerekeze ndi malo omwe ali mu timu imodzi, muona chifukwa chomwe kope liyenera kukhala m'chikwama limodzi ndi mabutsi.

Akadzanena kuti ndatopa nawo mpira, musakuwe, fufuzani kaye. Mwina wina akumuvutitsa ku timu, mwina bondo likupweteka, mwina ndi inuyo. Ngati palibe vuto, amalize kaye sizoni yomwe analonjeza anzake kenako asiye mwamtendere. Wanga wa penate uja nditamupepesa, ndipo kupepesa mwana wako ndi kowawa ndithu, sanayankhe kanthu, anangogwedeza mutu. Patapita masiku awiri ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupala matope ouma pa mabutsi ndi kamtengo. Anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Adadi, Loweruka mubwera?" Ndinati ndibwera. Anati, "Koma mukakhale mbali ya kumtengo wa bulugamu kuja, osati kuseri kwa golo."